Kuthamanga si kufika: tinaonera filimu ya Cars pamodzi ndi ana athu

Sabata lina mwezi wathawu, titangomaliza phunziro la zaumoyo la masana, agogo ena a gulu la Dorika anatiimitsa pakhomo la tchalitchi. Tinkaganiza kuti afunsa za kuthamanga kwa magazi kapena za shuga monga mwa masiku onse, koma nkhani yawo inali ina. Iwo anati: "Inu a zaumoyo, mundithandize. Mdzukulu wanga uja wa zaka 5 sadya nsima ngati sitinamuikire kanema wa kagalimoto kofiira pa foni ya amayi ake. Akadzuka ndi komweko, pogona ndi komweko. Kodi kanemayu ndi wabwino, kapena tikumuwononga tokha mwanayu?"

Tinachita manyazi pang'ono. Kagalimoto kofiirako timakadziwa tonse, chifukwa kali pa zikwama za ana asukulu, pa malaya a pa kaunjika, pa mabotolo a madzi ngakhalenso pa makeke a tsiku lobadwa. Koma mwa ife tonse a komiti ya zaumoyo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ataonera filimuyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Timalangiza makolo kuti aziwerenga zolembedwa pa paketi ya chakudya asanagule, koma chakudya chimene chimalowa m'maso ndi m'makutu a ana athu ife eni sitinachilawepo. Tinawalonjeza agogowo kuti tiwayankha tikaionera.

Lamlungu lotsatira masana tinakumana pakhomo pa mmodzi wa ife, akuluakulu 6 ndi ana 9, wamng'ono wa zaka 4 ndipo wamkulu wa zaka 13. Mwa akuluakuluwo munali mbale wina amene amayendetsa thiraki yonyamula katundu kuchokera ku Beira. Zimene tikulemba pano ndi zimene tinaona pa kanemapo, komanso zimene tinaona pa nkhope za anawo.

Nkhani yake mwachidule

Filimuyi dzina lake ndi Cars. Inatuluka mu 2006, ndipo inapangidwa ndi kampani ya Pixar mogwirizana ndi Disney ku America, motsogozedwa ndi John Lasseter. Ndi ya zithunzi zojambula pa kompyuta, ndipo imatenga nthawi yotsala pang'ono kukwana maola 2. M'dziko la filimuyi mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Magalimoto ndiwo anthu: ali ndi maso pa galasi lakutsogolo, amalankhula, amakwiya, amakondana ndiponso amakalamba.

Mwini nkhani ndi Lightning McQueen, galimoto ya mpikisano yofiira ya nambala 95, amene ali m'chaka chake choyamba m'mpikisano wolimbirana chikho chotchedwa Piston Cup. Ndi waluso, koma ndi wodzimva. Pa mpikisano womaliza wa chaka akukana kusintha matayala pofuna kupulumutsa nthawi, ndipo matayala onse awiri akumbuyo akuphulika atatsala pang'ono kufika. Mapeto ake akufika pa mzere nthawi imodzi ndi anzake awiri: Strip Weathers, katswiri wachikulire amene onse amamutchula kuti The King, ndi Chick Hicks, amene sachita manyazi kugunda anzake kuti apambane. Akuluakulu a mpikisano akulamula kuti atatuwa akapikisanenso ku California pakatha mlungu umodzi.

Ali pa ulendo wopita kumeneko, McQueen akugwa m'ngolo ya thiraki yomunyamula usiku, akusochera, ndipo akukathera m'katauni koiwalika kotchedwa Radiator Springs, komwe pothawa wapolisi akuwononga msewu waukulu wa m'tauniyo. Khoti likumulamula kuti asachoke mpaka atathiranso phula msewu wonse. M'masiku amene akugwira ntchito yokakamizidwayi akudziwana ndi Mater, galimoto yadzimbiri yokoka zinzake zikafa. Sally, loya amene anasiya moyo wothamanga wa ku Los Angeles. Ndi Doc Hudson, galimoto yakale ya mtundu wa Hudson Hornet ya 1951, amene ndi dokotala komanso woweruza milandu wa m'tauniyo.

Zimene tinazikonda

Choyamba chimene chinatigwira mtima ndi nkhani ya tulo. Thiraki yonyamula McQueen dzina lake ndi Mack. Usiku utafika, Mack akupempha kuti aime pamalo opumulirapo mathiraki chifukwa watopa. McQueen akukana, akufuna kuti akhale woyamba kufika ku California, ndipo akulonjeza kuti akhala maso kumucheza njira yonse. Posakhalitsa iye akugona tulo tofa nato, Mack n'kutsala yekha akulimbana ndi zikope. Tsoka lonse la m'filimuyi likuyambira pamenepo. Ana anaseka kwambiri poona nkhope ya Mack akusinza, koma mbale wathu wa thiraki uja sanaseke. Filimu itatha anatiuza kuti: "Abale, zimenezi ine ndimazidziwa. Mwini katundu amaimba foni kuti ufike mawa m'mawa, iye ali pabedi lake. Maso amakhala otsegula koma mutu unagona kalekale." Pa mawu amenewa tinapeza phunziro la zaumoyo lathunthu. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 usiku uliwonse, ndipo woyendetsa galimoto amene sanagone amachedwa kuona choopsa ndi kuponda mabuleki, mofanana ndi munthu amene wamwa mowa. M'buku la The Ministry of Healing la 1905, Mayi Ellen White anaika kupuma pakati pa mankhwala 8 achilengedwe amene Mulungu anatipatsa. Filimuyi sinapangidwe ndi a mpingo wathu, koma pa mfundo imeneyi yalalikira bwino kuposa mmene ife timachitira nthawi zina.

Chachiwiri ndi nkhani ya matayala ija. McQueen ali ndi gulu la omuthandiza limene ntchito yake ndi kumusinthira matayala ndi kumuthira mafuta, koma iye akuwanyoza kuti angathe yekha, mpaka onse akumusiya. Pambuyo pake akupatsidwa matikiti 20 oti agawire anzake kuti adzaonere mpikisano, ndipo akulephera kutchula ngakhale dzina limodzi la mnzake. Mwana wa zaka 10 amene tinali naye anati: "Ndiye kuti alibe mnzake ngakhale mmodzi?" Anamva yekha popanda womuuza. Ife akuluakulu tinakumbukira abambo ambiri a pampingo pathu amene tikabweretsa makina oyezera kuthamanga kwa magazi amangodutsa, amvekere ali bwinobwino ndipo alibe nthawi. Tayala silichenjeza tsiku limene liphulike. Mutu umodzi susenza denga, ndipo thupi limene silikuimitsidwa kuti liunikidwe limadzaima lokha pamalo osayenera.

Chachitatu ndi ntchito. Atalamulidwa kukonza msewu, McQueen akuyamba waugwira mwachinyengo, kuthira phula mothamanga kuti achoke msanga, ndipo msewu ukutuluka wa mabampu okhaokha. Akuuzidwa kuti apale zonse ayambirenso. Tsiku limene akuugwira ndi mtima wonse, msewu ukusalala, ndipo eni tauni akuyamba kupenta ndi kukonza masitolo awo chifukwa aona kuti pakhomo pawo pakongola. Tinakondwera kuti chilango chake sichinali chomupweteka kapena kumuchititsa manyazi, koma chinali choti akonze chimene anawononga. Makolo tingatengepo kanthu pamenepa. Mwana akaswa kapena kudetsa chinthu, kumupatsa mpata wokonza kumamuphunzitsa zambiri kuposa kumukalipira.

Chachinayi ndi ulemu kwa achikulire. McQueen akumuona Doc Hudson ngati nkhalamba yosadziwa kanthu za liwiro, ndipo akuseka malangizo ake a momwe angakhotere pa msewu wafumbi. Kenaka akutulukira kuti mdalayu anapambana Piston Cup katatu, mu 1951, 1952 ndi 1953, koma atachita ngozi yoopsa mu 1954 anthu a mipikisano anamutaya n'kutengeka ndi achinyamata. Doc anabisa mbiri yake ndi zikho zake m'garaja, ndipo anakhala zaka zambiri ndi chilonda mumtima. Mawu ake analankhula ndi Paul Newman, katswiri wa mafilimu amene nayenso ankachita nawo mipikisano ya magalimoto, ndipo anamwalira mu 2008. Chimene chinatisangalatsa n'chakuti filimuyi siikumuonetsa Doc ngati munthu wopanda banga. Kuwawidwa mtima kwake kukumuchititsa kuti aitane atolankhani mobisa kuti adzamutenge McQueen, ndipo tauni yonse ikukhumudwa naye. Wachinyamata akufunika nzeru za mdala, koma mdala nayenso akufunika kuchira. M'mipingo mwathu muli a Doc Hudson ambiri, amene anatumikira mokhulupirika ndipo tsiku lina anangoona kuti sakuitanidwanso. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma sangagonere ngati palibe wapita kukawamva.

Chachisanu ndi tauni yokhayo. Radiator Springs ndi dzina lopeka, koma msewu umene tauniyi ili ndi weniweni. Ndi Route 66, umene unakhazikitsidwa mu 1926 kuchokera ku Chicago kukafika ku gombe la California, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,900. Atamanga misewu ikuluikulu yatsopano monga Interstate 40, magalimoto anasiya kudutsa m'matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa Route 66, malonda anafa, ndipo mu 1985 msewuwo unachotsedwa pa mndandanda wa misewu ya boma la America. M'filimuyi Sally akufotokoza kuti tauni yawo inalambalalidwa pofuna kupulumutsa mphindi 10 zokha za ulendo. Achikulire a ku Zomba angamve msanga zimenezi, pokumbukira pamene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndiponso pamene msewu wa Zalewa unachititsa kuti ambiri ochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe asamadutsenso kumeneko. Funso limene filimuyi ikufunsa ndi lathu ndithu ife osunga Sabata: kodi tikapulumutsa mphindi 10, timataya chiyani?

Pomaliza pali mathero ake, ndipo amene simunaionere mutikhululukire poti tiulula. Pa mpikisano wa ku California, McQueen ali patsogolo ndipo chikho chili m'manja. Chick Hicks akugunda The King mwadala, ndipo mdalayo akugubuduzika n'kuphwanyika. McQueen akuona zimenezi, akukumbukira ngozi ya Doc, ndipo akuponda mabuleki atatsala pang'onong'ono kudutsa mzere. Akumusiya Chick kuti adutse, iye n'kubwerera kukamukankha The King kuti amalize mpikisano wake womaliza mwaulemu. M'chipinda mwathu munali zii. Mtsikana wa zaka 7 anafunsa kuti: "Ndiye waluza?" Mchimwene wake anayankha kuti: "Waluza chikho basi." Sitinafunike kuwonjezerapo kanthu. Madzulo ake pa mapemphero a pabanja tinawerenga nkhani ya Msamariya wachifundo pa Luka 10, ndipo ana anaona okha kufanana kwake.

Pamene filimuyi yafooka

Tikanalekera pomwepa mukanaganiza kuti tikuitsatsa malonda. Koma pali zinthu zingapo zimene sitinakondwere nazo, ndipo china mwa izo n'chachikulu.

Chachikulucho n'chakuti filimuyi imaphunzitsa ndi pakamwa kuti kuthamanga si kufika, koma ndi maso imaphunzitsa kuti liwiro n'lokoma. Mbali zake zokongola kwambiri, za nyimbo zamphamvu ndi kuwala kochititsa kaso, ndi za mpikisano. Magalimoto ambirimbiri akuwombana ndi kuuluka m'mwamba, koma palibe magazi, palibe maliro, palibe mwana wamasiye. Galimoto ikaphwanyika imakokedwa, mawa yawongoledwa. McQueen akudutsa njanji sitima ili pafupi kumugunda, akuyenda usiku wopanda nyali, akuthawa wapolisi, ndipo zonsezi zikuoneka zoseketsa. Munthu wamkulu amadziwa kuti ndi nthano. Mwana wa zaka 5 sasiyanitsa bwino.

Sitikunena zongoganizira. Chaka chatha mnyamata wina wa m'kalabu yathu ya Adventurer anatsetsereka pa chitunda ndi njinga ya bambo ake yopanda mabuleki, akukuwa mawu aja amene McQueen amakonda kukuwa akamadzionetsera. Anakaima m'ngalande, dzanja litathyoka. Tikuthokoza Mulungu kuti pa msewu wa kumunsi kwa chitundacho panalibe minibasi nthawi imeneyo. Sitinganene kuti filimu ndiyo inamuthyola dzanja, popeza anyamata akhala akutsetsereka pa zitunda kuyambira kale. Koma n'zoona kuti chithunzi chimene chinali m'mutu mwake chinali cha ngozi yosapweteka.

Zoona zake za pamsewu ndi zina. Bungwe la World Health Organization linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 pa dziko lonse. Bungwe lomweli limati liwiro likakwera ndi 1 peresenti yokha, mpata wa ngozi yakupha umakwera ndi 4 peresenti. Ngakhale amene anapanga filimuyi chisoni chimenechi chinawafikira. Joe Ranft, amene ankathandizana ndi John Lasseter kuitsogolera, anamwalira pa ngozi ya galimoto mu Ogasiti 2005 filimu isanatuluke, ndipo kumapeto kwake analemba dzina lake pomukumbukira. Ana athu ayenera kumva kwa ife kuti galimoto yeniyeni ilibe maso pa galasi, siingawaone akamadutsa msewu mothamanga, ndipo thupi la munthu silikhala ndi sipeya.

Chofooka chachiwiri ndi masewera a usiku a Mater. Iye akumutenga McQueen kupita m'munda wa eni ake kukadzidzimutsa mathirakitala amene akugona, omwe m'dziko la filimuyi ali ngati ng'ombe, kuti agwe chagada. Kenaka akuthamangitsidwa ndi Frank, chimakina chokololera chimene chili ngati nkhunzi. Ana anaseka mpaka misozi, kupatula wa zaka 4 amene anabisa nkhope pa chitenje cha amayi ake. Koma tikachotsa kusekako, chatsala n'chiyani? Kulowa m'munda wa munthu usiku ndi kuzunza ziweto zake pofuna kusangalala, popanda wolangidwa kapena wopepesa. Ubwenzi wa awiriwa ukulimba pa chinthu cholakwika, ndipo filimu siikunenapo kanthu.

Chachitatu, muli nthabwala zina zimene anaikira akuluakulu. Pali timagalimoto tiwiri tachitsikana timene timamutsatira McQueen modzionetsera, ndi mawu ena a matanthauzo awiri. Ku America filimuyi anaiika m'gulu la zoyenera aliyense, ndipo n'zoona kuti ana aang'ono zimangowadutsa. Koma wa zaka 13 uja tinamuona akumwetulira pamalo pamene ang'ono sanaseke. Tinaonanso kuti opikisana onse otchuka ndi amuna, pamene akazi ntchito yawo ndi kuchemerera, kugulitsa mafuta kapena kumuwongola mtima mwamuna. Ndipo Mater, amene ali ndi mtima wabwino kuposa onse, nthawi zambiri amasekedwa chifukwa cha mano ake, dzimbiri lake ndi kalankhulidwe kake ka kumudzi. Ana a m'tauni safunika thandizo lina pa kuseka anzawo ochokera kumudzi.

Chachinayi ndi kutalika kwake. Pakati pa filimu nkhani imayenda pang'onopang'ono, ndipo zambiri za pamenepo ndi zokumbutsa Amereka achikulire za masiku awo akale. Chingerezi chake n'chothamanga, chodzaza ndi nthabwala za kwawo komweko. Ana osakwana zaka 7 amene tinali nawo anayamba kuyendayenda, n'kumabwerera pokhapokha injini zikalira. Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Phunziro labwino la filimuyi lili m'mbali zodekha zimene ana aang'ono sazitsatira, ndipo chimene amatola ndi phokoso ndi liwiro. Akamaonera tizidutswa ta pa foni, monga mdzukulu wa agogo aja, ndiye kuti akungodya mafuta okhaokha, ndiwo zamasamba atazisiya m'mbale.

Chachisanu chikukhudza chikhulupiriro chathu. McQueen akutaya chikho, koma nthawi yomweyo khamu lonse likumuombera m'manja, Chick akunyozedwa, ndipo kampani yolemera ya Dinoco ikumupempha kuti akhale wake. N'zoyamikika kuti iye akukana n'kukhalabe ndi a Rust-eze amene anamuthandiza asanatchuke. Komabe mwana angatengepo maganizo akuti ukachita chabwino anthu amakuyamika pompopompo. Moyo suli choncho. Wophunzira amene wakana kulemba mayeso pa Sabata, kapena dalaivala amene wakana kuyenda usiku wonse osagona, kawirikawiri saomberedwa m'manja, mwinanso ntchito imamuthera. Pa 1 Akorinto 9 mtumwi Paulo akuyerekeza moyo wa Mkhristu ndi mpikisano wothamanga, ndipo mfundo yake ndi kudziletsa chifukwa cha mphoto yosawonongeka, imene siiperekedwa ndi khamu la anthu. M'dziko la Cars mulibe Mlengi, mulibe pemphero, ndipo mtima umasinthika ndi mabwenzi abwino ndi malo okongola basi. Mbali yosowayo ndi ntchito yathu makolo kuiikapo.

Chomaliza ndi malonda. Filimuyi inapeza ndalama zoposa madola 450 miliyoni m'nyumba zoonetsera mafilimu, koma zidole, zovala ndi katundu wina wokhala ndi zithunzi zake zinabweretsa mabiliyoni. N'zodabwitsa kuti nthano yophunzitsa kuti chikho n'chachabe yakhala chida chogulitsira makapu, zikwama ndi nsapato. Kholo limene lakanidwa ndi mwana pamsika chifukwa chikwama chotsika mtengo chilibe kagalimoto kofiira likudziwa zimene tikunena.

Tichenjezenso za mafilimu otsatira. Cars 2 ya 2011 ndi nkhani ya akazitape, muli mfuti, mabomba ndi galimoto yozunzidwa mpaka kufa, ndipo sitikuilimbikitsa kwa ana aang'ono ngakhale pachikuto pali nkhope zomwezo. Cars 3 ya 2017 inabwerera ku mtima wa yoyamba ija, ndipo muli Cruz Ramirez, galimoto yaikazi imene ikupatsidwa mpata wopikisana, ngakhale kuti muli ngozi imodzi yoopsa imene ingawopseze ana aang'ono.

Nanga tichite bwanji pakhomo?

Tiyambe ndi msinkhu. Malangizo a World Health Organization a 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe kanema kapena foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, kucheperapo n'kwabwino koposa. Filimu ya maola pafupifupi 2 yapitirira kale muyeso umenewu. Maganizo athu ndi akuti Cars ndi yoyenera ana a zaka 7 kupita m'tsogolo, ndipo ngati pali ang'ono, iduleni pawiri, theka lero theka tsiku lina.

Tionere nawo limodzi. Kusiyana kwa mwana amene watolapo liwiro lokha ndi amene watolapo chifundo ndi munthu wamkulu amene wakhala pambali pake. Imitsani kanema Mack akayamba kusinza ndipo funsani kuti walakwa ndani. Imitsani pa njanji paja ndipo funsani chimene chikanachitika akanakhala munthu. Funsani ngati mathirakitala aja anasangalala nawo masewerawo. Mafunso atatu kapena anayi ndi okwanira, tisasandutse filimu kukhala ulaliki. N'chifukwa chakenso sitikulimbikitsa kutumiza ana okha ku nyumba zoonetsera mavidiyo za m'misika, kumene simudziwa chimene chionetsedwe filimu ya ana ikatha.

Tisankhe nthawi yake. Maola a Sabata, kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka, ali ndi ntchito yake yopatulika, ndipo filimuyi ngakhale ili ndi makhalidwe abwino si ya nthawi imeneyo. Isakhalenso ya usiku pafupi ndi nthawi yogona, chifukwa kuwala ndi phokoso zimachedwetsa tulo. Mwana wa zaka 3 kapena 4 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, ndipo wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti filimu yotiphunzitsa kuopsa kwa kusagona ikhale yomwe ikulanda ana athu tulo.

Tisaphatikize kanema ndi chakudya. Mwana amene amadya maso ali pa foni samva kuti wakhuta kapena ayi, satafuna bwino, ndipo amazolowera kuti pakamwa pamayenda pokhapokha pali chomusangalatsa. Nthawi ya nsima ikhale ya nsima ndi kucheza kwa pabanja. Poonera filimu, madzi akumwa ndi okwanira, m'malo mwa zakumwa zotsekemera ndi tokazinga ta m'mapaketi.

Filimu ikatha, ana atuluke panja. Tsiku lija, mbale wathu wa thiraki anatenga mawaya akale ndi zitsekerero za mabotolo n'kuwaonetsa anyamata ndi atsikana momwe ife tinkapangira magalimoto a mawaya tili ana. Anajambula msewu pabwalo ndi makala, anaikapo malo owolokera anthu, ndipo aliyense wopitirira liwiro ankalipira chindapusa cha kudumpha kasanu. Anasewera mpaka dzuwa kupendeka, thukuta lili kamukamu, ndipo palibe anapempha kuti tibwereze kanema. Pomwepo tinawaphunzitsanso zinthu zitatu: kuima ndi kuyang'ana mbali zonse asanawoloke, kumanga lamba akakwera galimoto, ndi kusakwera njinga yamoto ya kabaza popanda chipewa choteteza mutu.

Ndipo ife akuluakulu tidziyang'ane. Mwana amene wamva kwa McQueen kuti kuthamanga si kufika, mawa lake n'kumva bambo ake akuuza dalaivala wa minibasi kuti aponde chifukwa achedwa, adzakhulupirira bambo akewo. Tikamayendetsa tikulankhula pa foni, tikamanyadira kuti tinachoka ku Mzuzu usiku n'kufika ku Blantyre osapuma, tikuphunzitsa phunziro lamphamvu kuposa filimu iliyonse.

Sabata lotsatira tinawapeza agogo aja atakhala pa benchi yawo ya masiku onse. Tinawauza kuti: "Agogo, filimuyo si yoipa. Ili ndi mtima wabwino, ndipo mathero ake mungawakonde inunso. Koma mdzukulu wanuyo ndi wamng'ono, ndipo chimene chikumuvuta si kagalimoto kofiirako ayi, koma foni pa nthawi ya chakudya ndi pogona." Tinagwirizana kuti foni ichoke pa mphasa yodyera ndi kuchipinda, aziona mphindi zochepa masana pali munthu wamkulu, ndipo filimu yonse adzaionere akakula pang'ono. Agogo anapukusa mutu n'kunena kuti: "Alira ameneyo." Tinavomera kuti alira ndithu, mwina masiku atatu kapena anayi, ndipo mwina adya pang'ono masiku oyambawo, koma mwana wathanzi njala ikamugwira amadya. Tinawapempha kuti ngati apitiriza kukana chakudya kapena ayamba kuwonda, apite naye kuchipatala kuti akamuone, chifukwa nthawi zina kukana kudya kumakhala ndi chifukwa china.

Patatha milungu iwiri anatipatsa moni akumwetulira. Anati mwana analira masiku asanu, osati atatu monga tinanenera, ndipo tsiku lachitatu iwo eni anatsala pang'ono kugonja. Tsopano akudya ndi anzake, ndipo amalume ake amupangira galimoto ya mawaya imene waipaka utoto wofiira. Akuti amaiyendetsa mothamanga kwambiri kuzungulira nyumba, koma akafika pa khomo la kukhitchini amaima, n'kuyang'ana uku ndi uku.

Mwezi wamawa tidzakambirana za chakudya chimene ana athu amatenga popita kusukulu.